Mjigo ulipo koma tikumwa a kudambo, ufulu wa madziwu tiulondoloze bwanji?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu, cha ku Kasinje, amene ndi mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwawo. Ndalifupikitsa pang'ono:

"Bambo, mwezi watha kunabwera alendo pa msonkhano wa ADC, komiti ya chitukuko ya dera lathu, anati madzi abwino ndi chimbudzi ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense ndipo ife eni akefe tiziwunika ngati ufuluwo ukukwaniritsidwa. Atapita tinangoyang'anana, kuwunika kwake tiyambira pati? Mjigo wathu ndi umodzi pa midzi itatu, ikafika Okutobala umangodontha, amayi amadzuka 3 koloko usiku kukaima pamzere, ena atopa akukatunga kudambo. Tikadandaula amati m'mabuku a kukhonsolo mudzi wathu uli ndi madzi kale. Kusukulu zimbudzi za atsikana zinagwa ndi mvula. China chikundipweteka mumtima, komiti yathu inagwirizana kuti wosapereka ndalama ya pamwezi asatunge, ndiye pali agogo ena olera adzukulu amasiye amene takhala tikuwabweza. Kodi ifenso tikuphwanya ufuluwo? Nanga tikayamba kulemba ndi kufunsafunsa sitioneka ngati tikulimbana ndi amfumu kapena tayamba ndale?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo choyamba mtima m'malo. Kuwunika kumene anakuuzaniko mwakuyamba kale. Mwandiuza kuti mjigo ndi umodzi pa midzi itatu, mwandiuza mwezi umene madzi amachepa, ola limene amayi amadzuka, komanso amene akubwezedwa pamjigo, ndiye ntchito yake ndi yomweyo. Vuto ndi loti zonsezi zili m'mutu mwanu ndi mwa amayi a pamzerewo basi, sizinalembedwe, ndiye mukafika nazo pa ofesi zimamveka ngati madandaulo wamba pamene mnzanuyo wagwira pepala lonena kuti kwanu madzi alipo. Pa zaka zimene ndagwira ntchito za madzi akumidzi kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ndaona kuti pakamwa pakakumana ndi pepala, amamvera pepala, olo likhale lolakwika. Ndiye nanunso mukhale ndi lanu, lolondola.

Alendowo sananame ayi. Pa 28 Julaye 2010 msonkhano waukulu wa mayiko a mu United Nations unavomereza kuti madzi abwino akumwa ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu, ndipo mu 2015 anabwerezanso kuti nkhani ya chimbudzi ndi ufulu woima pawokha, isamangobisala kumbuyo kwa madzi. Izi zinatsamira pa pangano la mayiko la ufulu wa zachuma ndi chikhalidwe limene Malawi analowa mu 1993, ndipo komiti yoyang'anira panganolo inalongosola mu 2002 tanthauzo la ufulu wa madzi: akhale okwanira, osadwalitsa, opezeka pafupi, mtengo wake wotheka, ndipo pasakhale tsankho. Malamulo athu aakulu a 1994 satchula madzi mwachindunji, koma gawo 30 lokamba za ufulu wa chitukuko likuti boma lionetsetse kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana pa zinthu zofunika pamoyo, ndipo palibe angatsutse kuti madzi ali m'gulu limeneli.

Koma ndikuuzeni zoona kuti musakayembekeze zimene ufuluwu sunalonjeze. Sukutanthauza kuti madzi akhale aulere, sukutanthauzanso kuti mawa boma likukokereni mpopi pakhomo. Boma limaloledwa kufika pang'onopang'ono molingana ndi thumba lake. Chimene sililoledwa ndi kukhala chete osasuntha, kubwerera m'mbuyo popanda chifukwa chomveka, kapena kusankha kuti mudzi wakuti upatsidwe mijigo itatu chifukwa kuli wamkulu wina pamene wina ulibe olo umodzi. Ndiye pamene mukuwunika, funso lenileni ndi loti chaka chino zinthu zili bwino kuposa chaka chatha kapena zaipa, nanga amene akutsalira ndi ndani.

Tsopano za mabuku a kukhonsolo aja. Nthawi zambiri sikuti akukunamizani dala, ndi mawerengedwe ake. Muyezo umene boma limagwiritsa ntchito ndi woti mjigo umodzi utumikire anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda wopitirira mamita 500 kukatunga. Ndiye munthu ali pa desiki amangoona kuti mudzi wakuti uli ndi mjigo, n'kuchonga kuti zatheka. Mijigo yambiri m'dziko muno inalembedwa m'mafoni ndi pulogalamu ya mWater, ndipo wolembayo anafika tsiku limodzi, mwina mu Meyi madzi ali tho, anapukusa, madzi anatuluka, analemba kuti ukugwira ntchito. Sanaone Okutobala wanuyo. Sanaonenso kuti midzi ina iwiri imatunga pompo. Ubwino wake muyezo womwewo ndiye chida chanu. Midzi itatu ndikukhulupirira kuti mwadutsa 250 kalekale, ndiye yambirani pamenepo: pitani kwa alangizi a zaumoyo, a HSA aja, ali ndi kaundula wa mabanja ndi chiwerengero cha anthu, kapena kwa amfumu, mulembe kuti pamjigo uwu pamatunga mabanja angati, anthu angati, ochokera midzi iti.

Gulani kope la sukulu, lachikuto cholimba, likhale la mjigo basi, osati lomwe mumalembamo ndalama. Chinthu choyamba kulowa m'kopemo ikhale nthawi. Mabungwe a WHO ndi UNICEF, amene amawerengera dziko lonse lapansi mmene tikuyendera pa cholinga cha nambala 6 cha chitukuko chofika 2030, amati banja liwerengedwe kuti lili ndi madzi apoyambira pokhapokha ngati kupita, kuima pamzere, kutunga ndi kubwerera sikupitirira mphindi 30. Mvetsetsani, pamzere pakuwerengedwa nawo. Ndiye mayi wodzuka 3 koloko n'kubwerera dzuwa litatuluka, mwa muyezo wa mayiko sali m'gulu la okhala ndi madzi okwanira olo mjigowo ukhale kuseri kwa nyumba yake. Sankhani mabanja ochepa, lina lapafupi, lina lapakati, lina lakumapeto kwenikweni kwa mudzi wachitatu uja, muwapemphe kuti tsiku limodzi pa sabata aziyang'ana pa foni nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Amene alibe foni mwana wa sukulu awathandize. Lembaninso zigubu zimene banjalo latunga tsikulo ndi anthu amene ali pakhomopo. WHO imati malita 20 pa munthu patsiku ndiwo apansi penipeni, kuti zonse ziyende bwino pamafunika 50 kufika 100. Mukawerengetsa mudzadabwa, banja la anthu 6 likudalira zigubu zitatu za malita 20, ndiye kuti aliyense malita 10, ndipo chimene chimayamba kusiyidwa madzi akachepa chonchi ndi kusamba m'manja.

Kenako muziyeza mjigowo wokha, sizifuna katswiri. Mijigo yathu yambiri ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo buku lake lili ndi mayeso awiri osavuta. Loyamba: pukusani mpaka madzi ayambe kutuluka bwino, kenako ikani ndowa, mupukuse mokwanira kuchokera pamwamba mpaka pansi ka 40 pa mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita pafupifupi 16, akamachepera 10 ndiye kuti pali vuto. Lachiwiri: usiyeni upume mphindi 30, mubwerere muwerenge kuti mwapukusa kangati madzi asanatuluke. Mukapitirira ka 5, madzi akuthawira pansi penapake. Chitani zimenezi kamodzi pa mwezi, tsiku lofanana, m'mawa ndi masana, mulembe.

Chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa ndi choti mawu oti mjigo ukudontha amabisa matenda osiyanasiyana, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. Ngati madzi ndi ochepa tsiku lonse, chaka chonse, kapena mumapukusa nthawi yaitali asanabwere, kawirikawiri ndi timalabala tam'kati tatha, kaya ka pa pulanja kaya ka pa valavu ya pansi, kapena paipi yang'aluka. Zimenezo ndi za komiti yanu ndi makaniki wa m'dera, ndipo ndi zotchipa mukaziyerekeza ndi kukumba wina. Koma ngati m'mawa mjigo utapuma usiku umatulutsa bwino ndowa zingapo kenako n'kuyamba kupuma mpweya, mudikire kanthawi ubwererenso, ndipo izi zimachitika chilimwe chokha, pamenepo vuto lili pansi. Mwina madzi apansi atsika kupitirira pamene pali silinda, kachipangizo ka pansi m'dzenjemo kamene kamakoka madzi, ndipo nthawi zina kungowonjezera mapaipi ndi ndodo kumathandiza ngati dzenjelo lili ndi malo. Mwina dzenjelo ladzaza matope lifunika kupopedwa ndi makina. Mwinanso okumba analekeza pafupi, makamaka ngati anakumba nthawi ya dzinja madzi ali pamwamba n'kuthamangira kukalandira ndalama. Izi komiti singazithe, ndi za ofesi ya madzi ya paboma. Mmene mwafotokozera ine ndikukayikira mbali yachiwiriyi, kuphatikiza kuchuluka kwa anthu, koma kope lanu ndi limene litsimikize. Musaiwale kulemba tsiku limene mjigo wafa, tsiku limene mwauza makaniki, tsiku limene wakonzedwa, ndi kumene anthu amatunga masiku amenewo. Pakutha pa chaka mudzatha kunena kuti mjigo uwu unakhala masiku akuti osagwira ntchito, ndipo chiganizo chimenecho chimalemera kwambiri pa msonkhano.

Za ubwino wa madzi ndiye maso amanamiza. Madzi amatha kuoneka mbee koma muli tizilombo tochokera m'chimbudzi, ndipo muyezo wa WHO ndi woti m'mamililita 100 musapezeke kachilombo ka mtunduwu kotchedwa E. coli olo kamodzi. Kuyeza kwenikweni kumafuna zipangizo, mupemphe kudzera ku ofesi ya madzi kapena ya zaumoyo, makamaka mvula ikangoyamba. Koma zambiri mutha kuziona nokha. Yang'anani simenti yozungulira mjigo ngati yang'aluka, gwedezani mutu wa mjigo muone ngati ukugwedera, tsatirani ngalande muone ngati madzi akupita kutali kapena apanga chithaphwi pompo pamene nkhumba ndi ng'ombe zikusambamo. Yendani ndi mapazi kuchokera pamjigo kukafika pa chimbudzi kapena khola lapafupi, pasachepere mamita 30, ndipo chimbudzi chikakhala kumtunda kwa mjigo samalani kwambiri. Mukatero funsani alangizi kuti mwezi uno ana angati abwera ku kiliniki ya m'mudzi ndi kutsekula m'mimba, osafuna mayina, nambala yokha. Mukaika nambala imeneyi pafupi ndi masiku amene mjigo unafa, nthawi zambiri zimayendera limodzi, ndipo wa ku ofesi akaziona chonchi sakhala ndi zambiri zoyankha.

Apa ndionjezere chimene amayi ena sakonda kumva. Madzi ambiri amachoka pamjigo ali abwino n'kukaipira m'njira ndi kunyumba. Masamba amene timathothola n'kuika pamwamba pa ndowa kuti asatayike, zala zogwira m'kamwa mwa ndowa potwika, kapu imodzi yomwe mwana amamwera n'kuviikanso mumtsuko. Ndiye poyendera mabanja muziona ngati chosungira madzi chili ndi chivundikiro, ngati pali kapu yotungira ndi ina yomwera, ngati akuthira kulorini kapena WaterGuard n'kudikira mphindi 30 asanamwe. Amene akukatunga kudambo aja ndiye asamwe osathira mankhwala kapena kuwiritsa, chonde. Tonse tikukumbuka kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, inadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino. 

Tibwere kwa agogo aja, chifukwa m'kalata yanu yonse apa ndi pamene pandikhudza kwambiri. Mwafunsa moona mtima ndiye ndikuyankhani moona mtima: eya, kuwabweza ndi kulakwa, ndipo musiye sabata ino. Ndikudziwa chifukwa chimene munapangira lamulolo, sindikukuweruzani. Komiti yopanda ndalama imaonerera mjigo ukufa chifukwa cha kalabala kakang'ono, ndipo mukalekerera mmodzi osapereka enanso amayamba kuzemba. Kusonkha n'kofunika ndithu. Koma mfundo ya ufuluwu ndi yoti munthu asamanidwe madzi akumwa ndi ophikira chifukwa choti alibe, ndipo pali kusiyana pakati pa wokana kupereka ndi wolephera kupereka. Bambo amene wagulitsa nandolo n'kukathera ndalama ku mowa ndi wokana, ameneyo akaonekere kwa amfumu. Agogo olera ana amasiye ndi wolephera. Mukawabweza sasiya kumwa madzi, amatuma kamdzukulu kudambo, ndipo kamwanako kakadwala kolera sidzafunsa kuti ndi nyumba iti inapereka ndalama ya mjigo.

Makomiti amene ndaona akuyenda bwino amachita chonchi: amaitanitsa msonkhano wa midzi yonse yotunga pamenepo, amfumu ali pompo, n'kugwirizana poyera kuti ndi mabanja ati asamapereke, monga okalamba opanda owathandiza, aulumali, odwala nthawi yaitali, ana olera anzawo. Mayinawo amasankha ndi anthu, osati komiti kuseri, kuopa kuti mawa azidzati mlembi walemba abale ake. Mndandandawo amauonanso chaka ndi chaka. Ena amalola kupereka chimanga kapena nandolo nthawi yokolola m'malo mwa ndalama ya mwezi ndi mwezi, komiti n'kugulitsa, chifukwa kumudzi ndalama imabwera kamodzi pachaka. Ena amene ali ndi mphamvu pang'ono amasesa pamjigo kapena kukonza mpanda. Ndipo ndikuuzeni, anthu amavomera mosavuta kusenza agogo awiri atatu ngati akuona kumene ndalama zawo zikupita. Msungichuma aziwerenga poyera miyezi itatu iliyonse, zalowa zingati, zatuluka zingati, malisiti a sipeya awa. Kuwunika kumayambira pa komiti yanu yomweyo, ndipo mukadziyeza nokha poyamba mumakhala ndi nkhope yokafunsira ena.

Pa zimbudzi musamangowerenga kuti zilipo zingati. Nthawi ya kampeni yothetsa kuchita chimbudzi patchire midzi yambiri inakumba mothamanga kuti ilandire ulemu, mvula ziwiri zitadutsa zambiri zinagwa, makamaka kumene dothi ndi lamchenga ngati madera ena a kuchigwa kwanuko, koma m'mabuku mudziwo udakali wopambana. Ndiye muziyendera kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itangotha. Chimbudzi chogwiritsidwa ntchito chimadziwika ndi kanjira kopondedwa, chimene pamera udzu pakhomo ndi chongoonetsa alendo. Onani ngati pabowo pali chivundikiro, ngati pali denga ndi chotseka pakhomo, ngati mpondagiya uli ndi madzi ndi sopo kapena phulusa, osati kachigubu kouma kongolendewera. Lembani mabanja amene akubwerekana chimbudzi chimodzi. Ndipo funsani funso limene ambiri amalumpha: munthu woyenda chokwawa kapena wa njinga ya olumala, agogo amene mawondo sakupinda, mayi woyembekezera wotopa, amalowa bwanji mmenemu? Nthawi zina yankho lake ndi mtengo wogwirira ndi kampando kabowo basi, koma ngati palibe wafunsa palibe amapanga.

Kusukulu kuja musachedwe nako. Werengani mabowo amene akugwira ntchito, a atsikana paokha a anyamata paokha, mutenge chiwerengero cha ana kwa aphunzitsi aakulu, mugawe. Malangizo a WHO amati bowo limodzi pa atsikana 25, ndipo limodzi pa anyamata 50 kuphatikiza pokodzera. Sukulu zathu zambiri zili kutali ndi pamenepo, koma kudziwa kuti kwanu ndi atsikana angati pa bowo kumathandiza kuti muikidwe patsogolo. Amayi a mother group amadziwa atsikana amene amajomba akakhala kumwezi chifukwa chosowa posinthira ndi madzi, afunseni mwaulemu, nambala yokha. Nkhaniyi ipite ku komiti ya sukulu ndi PTA, ikalowe mu pulani ya sukulu kuti ndalama za boma zotukulira sukulu, za SIG, ziganizireko, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za m'deralo, adziwe mwa kalata. Podikira, makolo atha kumanga zongoyembekezera za udzu, koma dzenje lakugwa lija likwiriridwe kapena litchingidwe msanga mwana asanagweremo.

Nanga kopelo likadzaza mupita nalo kuti? Apa ndi pamene pali yankho la mantha anu a ndale. Yambirani kwa amfumu, musanalembe olo tsamba limodzi. Pitani ndi apampando a komiti, muwafotokozere kuti tikufuna tizilemba za mjigo kuti mudzi wanu ukapemphe thandizo uli ndi umboni, ndipo muwapemphe kuti azisayina pamapeto pa mwezi. Mfumu imene yasayina kope imaliteteza. Kenako miyezi itatu iliyonse mufupikitse zonse pa tsamba limodzi, muwerenge pa msonkhano wa mudzi anthu avomereze kuti ndi zoona, lipite ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kuchoka apo ku ADC, chifukwa mapulani a chitukuko cha boma amachokera m'makomiti amenewa ndipo chimene sichinalembedwe kumeneko sichipatsidwa ndalama. Pepala lina lofanana nalo lipite kwa mlangizi wa zamadzi wa dera lanu, amene amatchedwa Water Monitoring Assistant, lina kwa khansala, lina kwa a phungu popeza ndalama za chitukuko cha dera lawo, za CDF, zimathanso kukumba kapena kukonza mjigo. Onse alandire pepala lofanana, kaya ndi a chipani chanji. Mukapereka kalata pa ofesi, tengani ziwiri, ina akudindireni ndi kulemba tsiku mubwerere nayo.

M'kalatamo musalembe kuti boma latitaya. Lembani kuti mjigo wa pamudzi wakuti ukutumikira anthu akuti pamene muyezo ndi 250, mu Okutobala umapereka malita akuti pa mphindi, amayi akutha maola akuti, mabanja akuti abwerera kudambo, tikupempha kuti katswiri adzayeze dzenjeli ndipo mudzi wakuti uganiziridwe mjigo wake. Pemphaninso pepala la mjigo wanu, losonyeza chaka chimene unakumbidwa, kuya kwake, pamene anaika silinda ndi madzi amene unapereka pouyesa. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi, lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mukhozanso kufunsa kuti chaka chino khonsolo yakonza zokumba mijigo ingati ndipo kuti, pamenepo ndi pamene tsankho limaonekera ngati lilipo.

Zoopsa zake zilipo, ndisakubisireni. Choyamba ndi chiyeso chokokomeza manambala kuti thandizo libwere msanga. Musayerekeze, akadzabwera kudzaona n'kupeza bodza limodzi kope lonse lafa. Mwezi umene mjigo wayenda bwino lembani kuti wayenda bwino. Chachiwiri ndi kuthamangira pa Facebook kapena m'magulupu a WhatsApp kutchula mayina a anthu kuti adya ndalama popanda umboni, zimenezo zimakubwererani ndipo zimatseka makomo amene mukanalowera. Chachitatu, thandizo likabwera, khalani maso pa malo okumba. Ndaonapo mjigo watsopano ukukumbidwa pafupi ndi wakale, pakhomo pa munthu wodziwika, mudzi wakutali uja n'kutsala chimodzimodzi. Malo amasankhidwa ndi zipangizo zofufuzira madzi, inde, koma dera loti afufuzemo likhale limene kope lanu likusonyeza kuti anthu akuvutika kwambiri. Ndipo okumba akabwera a komiti akhalepo, awerenge mapaipi amene akulowa pansi, alembe.

Kwa anzathu a m'matauni ngati pa Ntcheu boma kapena Dedza amene amamwa a Central Region Water Board, kaya a pakiyosiki kaya a mipopi yoyendetsedwa ndi ma WUA, mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, njira ndi yomweyi, kungoti inu muzilemba maola amene madzi atuluka patsiku, mtengo wa chigubu, ndi masiku amene paipi yophulika yakhala osakonzedwa. A UN amati ndalama ya madzi isamapitirire 3 peresenti ya zimene banja limapeza. Ndipo tonse a ku Ntcheu tisaiwale za damu la Mpira limene linauma mu 2018, mipopi n'kuuma mpaka ku Balaka. Mitengo ya kumtunda kwa damu inkatha anthu akuona. Ndiye m'kope lanu musiye tsamba lolemba za kumene madzi anu amachokera, ngati m'phiri mukuotchedwa makala, ngati anthu akulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa madzi a mumjigo ndi mvula yomweyo imene inalowa pansi.

Mukalemba ku VDC ndi ADC, mwapita kwa bwanamkubwa, a DC, ndi kalata yodindidwa, miyezi ikudutsa popanda olo yankho, kapena mwaona kuti mukusalidwa dala, pamenepo pitani patsogolo. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu amene maofesi a boma sanawathandize mwachilungamo, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission limafufuza za kuphwanyidwa kwa ufulu, konseku kudandaula n'kwaulere. Ngati pali umboni woti ndalama za mjigo zinatuluka koma mjigo kulibe, imeneyo ndi nkhani ya ACB, bungwe lothana ndi katangale.

Koma pali zina zosafuna kudikira msonkhano uliwonse. Munthu akayamba kutsekula m'mimba kwamadzi ngati otsukira mpunga, kaya akusanza, mupatseni Thanzi ORS pompo ndipo athamangire naye kuchipatala akumwa m'njira, kolera imatha kupha pa maola ochepa, ndipo alangizi a zaumoyo adziwe tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mabanja angapo otunga malo amodzi akadwala sabata imodzi. Madzi a mumjigo akasintha mwadzidzidzi mtundu, fungo kapena kakomedwe, kapena madzi osefukira akamiza simenti ya pamjigo, musamwe osathira kulorini kufikira a zaumoyo atabwera kudzathira mankhwala m'dzenjemo. Ana ambiri a m'mudzi akamamera mano a mawanga ofiirira, pemphani kuti ayeze mchere wa fluoride, kuwiritsa sikuuchotsa. Ndipo za amayi ndi atsikana oyenda 3 koloko usiku zija, ngati wina wachitidwapo chipongwe m'njira, imeneyo ndi ya kupolisi ku Victim Support Unit ndi kuchipatala msanga, isathere pa bwalo la mudzi. Pakali pano gwirizanani kuti aziyenda m'magulu, kapena mugawane maola mudzi ndi mudzi kuti pamzere pafupike ndipo mjigo uzipeza nthawi yopuma.

Sabata ino kaonaneni ndi amfumu za agogo aja ndi za kope, muchite mayeso awiri a mjigo, mutenge chiwerengero kwa alangizi. Mukapeza pepala losonyeza kuya kwa dzenje ndi pamene pali silinda, ndilembereninso pamodzi ndi malita amene mwapeza m'mawa ndi masana, tidzaone ngati kuwonjezera mapaipi kungakuthandizeni chilimwe chino kapena mulimbikire zopempha mjigo wachiwiri.